Nsapato za Mayina Otchuka ndi Manja Amene Amazisoka

Chaka chilichonse dziko lapansi limapanga mapeyala a nsapato oposa mabiliyoni 20, ndipo pafupifupi mapeyala 9 mwa 10 aliwonse amachokera ku Asia, makamaka ku China, komwe kumapangidwa zoposa theka la nsapato zonse, komanso ku India, Vietnam ndi Indonesia. Ngakhale kuti nsapato zamasewera zimadziwika ndi mayina a makampani a ku America ndi ku Ulaya monga Nike, Adidas ndi Puma, unyinji wa nsapatozo supangidwa m'mafakitale a makampani amenewa, popeza iwo amangokonza maonekedwe ake, kulipira akatswiri a masewera kuti azitsatsa malondawo, n'kupereka ntchito yodula, kusoka ndi kumata kwa makampani ena pa kontirakiti. Dongosolo limeneli, lomwe limalekanitsa mwini dzina ndi mwini fakitale, ndilo limafotokoza chifukwa chake nkhanza za pantchito ndi kugwiritsa ana ntchito zakhala zovuta kuzithetsa m'malonda a nsapato, pakuti wolamula mtengo ndi tsiku loperekera katundu amakhala wina, pomwe woyankha mlandu wa wantchito amakhala winanso.

Chiyambi cha mchitidwewu

Mawu a Chingerezi akuti sweatshop, omwe tsinde lake ndi liwu lotanthauza thukuta, anachokera ku mchitidwe umene unafala m'zaka za m'ma 1800 m'mizinda ngati London, komwe amalonda a zovala ndi nsapato ankapereka ntchito kwa munthu wapakati, amene ankaigawanso kwa amphawi osokera m'tizipinda topanikizana, n'kumawalipira potengera kuchuluka kwa zimene asoka. Phindu la munthu wapakatiyo linali kusiyana kwa ndalama imene walandira kwa wamalonda ndi imene wapereka kwa osoka, kotero kuti njira yake yowonjezerera phindulo inali kuwadyera masuku pamutu anthu ake, ndipo mchitidwewu unafika poipa mpaka komiti ya House of Lords, mbali ya nyumba ya malamulo ya kumeneko, inaufufuza pakati pa 1888 ndi 1890. Masiku ano liwuli limaimira malo alionse antchito amene amaphwanya malamulo angapo nthawi imodzi, monga a malipiro otsikitsitsa ololedwa, a maola ogwirira ntchito, a chitetezo cha moyo, ndi a ufulu wolowa m'mabungwe a anthu apantchito.

Nsapato ndi katundu wofuna manja ambiri, chifukwa chigawo chake chapamwamba chimapangidwa ndi tizidutswa tambiri ta chikopa, nsalu ndi pulasitiki tomwe timayenera kudulidwa, kusokedwa, kukokedwa pa chikombole chooneka ngati phazi, kenako kumatidwa ku soli ndi guluu, ndipo mbali yaikulu ya ntchito imeneyi makina sanathebe kuilanda kwa munthu. Pa chifukwachi mafakitale a nsapato akhala akusamuka potsata komwe antchito ndi otsika mtengo, ndipo mbiri ya Nike imaonetsa bwino msamuko umenewu. Kampaniyi inayamba mu 1964 ndi dzina lakuti Blue Ribbon Sports, pamene Phil Knight ndi Bill Bowerman ankaitanitsa nsapato za Onitsuka kuchokera ku Japan kukagulitsa ku America. Malipiro atakwera ku Japan, ntchitoyo inasamukira ku South Korea ndi Taiwan m'zaka za m'ma 1970, ndipo mzinda wa Busan ku South Korea unasanduka likulu la nsapato zamasewera. Antchito a ku South Korea atanyanyala ntchito mwaunyinji mu 1987, n'kupeza ufulu wa mabungwe ndi malipiro okwera, eni mafakitale a ku Korea ndi Taiwan anakatsegula ena ku China, ku Indonesia, komwe boma la Suharto linkangovomereza bungwe limodzi lokha la antchito lomwe linali m'manja mwake, ndipo pambuyo pake ku Vietnam. Mwa makampani amenewa, Pou Chen ya ku Taiwan, kudzera ku nthambi yake ya Yue Yuen, inakula mpaka kukhala yaikulu kuposa onse pa dziko popanga nsapato zamasewera za mayina otchuka, ngakhale kuti ovala nsapatozo ambiri sanamvepo dzina lake.

Umboni wa zaka za m'ma 1990

Mu 1992 magazini ya Harper's inasindikiza nkhani ya Jeff Ballinger, katswiri wa za antchito yemwe anakhalapo ku Indonesia, yoonetsa chikalata cha malipiro a mayi wina wopanga nsapato za Nike, amene ankalandira masenti pafupifupi 14 a dola pa ola limodzi. Mu 1996 magazini ya Life inatulutsa nkhani ya Sydney Schanberg yokhala ndi chithunzi cha mnyamata wa zaka 12 wa ku Pakistan akusoka mpira wokhala ndi chizindikiro cha Nike, ndipo ngakhale kuti katunduyo sanali nsapato, chithunzicho chinamanga dzina la kampaniyo ku mlandu wogwiritsa ana ntchito m'maganizo mwa ogula. Mu Marichi 1997, pa fakitale ya Pou Chen ku Vietnam, amayi 56 analamulidwa kuthamanga mozungulira bwalo la fakitale pa dzuwa loswa mtengo monga chilango chovala nsapato zosaloledwa pantchito, mpaka 12 mwa iwo anakomoka.

Umboni wolemera kwambiri unatuluka mu Novembala 1997, pamene nyuzipepala ya New York Times inaulula lipoti lachinsinsi la kampani yowerengera za chuma ya Ernst & Young, lomwe Nike yeniyeniyo inalamula kuti lilembedwe, lokhudza fakitale ya Tae Kwang Vina pafupi ndi Ho Chi Minh City. Lipotilo linapeza kuti m'zigawo zina za fakitaleyo mpweya unali ndi toluene, mankhwala osungunulira guluu amene amawononga ubongo, chiwindi ndi impso, wochuluka maulendo apakati pa 6 ndi 177 kuposa mlingo wololedwa ndi malamulo a Vietnam, kuti ambiri mwa antchito amene anayezedwa anali ndi vuto la kupuma, ndiponso kuti anthu ankagwira ntchito maola 65 pa sabata. Kufikira nthawi imeneyo yankho la makampani a mayina otchuka linali lakuti mafakitalewo si awo, koma ogula ndi ophunzira a m'mayunivesite a ku America atayamba kunyanyala malondawo, Phil Knight analengeza pa 12 Meyi 1998, ku National Press Club mu Washington, kuti mafakitale opangira Nike sadzalembanso munthu wosakwana zaka 18 pa ntchito ya nsapato kapena zaka 16 pa ntchito ya zovala, komanso kuti adzatsatira miyezo ya ku America ya ukhondo wa mpweya. Mu 1999 kunabadwa bungwe la Fair Labor Association, mu 2000 la Worker Rights Consortium, onse awiri oyendera mafakitale, ndipo mu 2005 Nike inasindikiza mayina ndi malo a mafakitale oposa 700 amene inkachita nawo malonda, zomwe makampani ena anatsanzira pambuyo pake.

Guluu ndi moto

Kuopsa kwa guluu wa nsapato kunadziwika kale nkhani za Vietnam zisanamveke, popeza madokotala a ku Italy, komanso Muzaffer Aksoy wa ku Istanbul m'zaka za m'ma 1970, anaonetsa kuti opanga nsapato amene ankapuma benzene, mankhwala ena osungunulira guluu, ankadwala khansa ya m'magazi mochuluka kuposa anthu ena. Ku Japan m'zaka za m'ma 1960, mabanja opanga masandasi m'nyumba zawo anadwala matenda a mitsempha ochititsa dzanzi ndi kufooka kwa manja ndi miyendo chifukwa cha mankhwala otchedwa n-hexane. Makampani akuluakulu ayamba kugwiritsa ntchito guluu wosungunulidwa ndi madzi pa nsapato zambiri, koma timalo ting'onoting'ono topangira nsapato timagulabe guluu wotsika mtengo, yemwe amapakidwa ndi burashi kapena chala m'chipinda chomwe banja limadyeramo ndi kugonamo.

Mankhwala omwewo sachedwa kuyaka, ndipo akakumana ndi chizolowezi chotseka zitseko ndi kuika zitsulo m'mawindo poopa kuba, fakitale imasanduka msampha. Pa 11 Sepitembala 2012 moto unapha anthu 25 pa fakitale ya nsapato ku Lahore m'dziko la Pakistan, ndipo pa 13 Meyi 2015 anthu oposa 70 anafera m'fakitale ya Kentex yopanga mapatapata ku Valenzuela m'dziko la Philippines, pamene moto wa owotcherera zitsulo unathethekera pa mankhwala, anthu a m'chipinda chapamwamba n'kulephera kutuluka chifukwa mawindo anali otchingidwa ndi zitsulo. Mu Meyi 2013 denga la chipinda chosungiramo katundu linagwa pa fakitale ya Wing Star ku Cambodia, yomwe inkapangira kampani ya Asics, n'kupha antchito awiri.

Kumene ana amapezeka

Pangano nambala 138 la bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO, lomwe linavomerezedwa mu 1973, limaika zaka 15 monga msinkhu woyambira ntchito, kulola maiko osauka kuyambira pa 14, ndi kuletsa aliyense wosakwana zaka 18 kugwira ntchito yoika moyo kapena thanzi pachiswe, pomwe pangano nambala 182 la mu 1999, lokhudza mitundu yoipitsitsa ya ntchito za ana, linakhala loyamba kuvomerezedwa ndi maiko onse a m'bungwelo mu 2020. Malinga ndi mapanganowa, si ntchito iliyonse ya mwana imene ili yolakwika, popeza kuthandiza makolo pakhomo mosasokoneza sukulu n'kololedwa, koma chimene chimaletsedwa ndi ntchito yoposa msinkhu, yolanda mwana maphunziro, kapena yomuvulaza, ndipo kupaka guluu ndi kudula chikopa ndi mpeni zili m'gulu limeneli. ILO ndi UNICEF anayerekeza kuti ana otere anali mamiliyoni 160 mu 2020 ndi mamiliyoni 138 mu 2024, omwe mamiliyoni 54 mwa iwo anali pa ntchito zoopsa, ndipo unyinji wawo uli ku ulimi, pamene ntchito za m'mafakitale ndi zomangamanga zili ndi gawo locheperapo.

M'mafakitale akuluakulu a ku Vietnam ndi Indonesia, omwe amalemba anthu zikwizikwi ndipo amayenderedwa kawirikawiri, antchito ambiri ndi amayi achitsikana ochokera kumidzi, ndipo ana aang'ono sapezekamo wamba. Ana amapezeka m'munsi mwa mndandanda wa makontirakiti, pamene fakitale yomwe yapanikizidwa ndi nthawi igawako ntchito kwa kafakitale kena, iko n'kuipereka kwa munthu wapakati amene amayenda ndi matumba a zikopa zodulidwa kale khomo ndi khomo. Mayi wosoka chigawo chapamwamba cha nsapato ali pakhonde pake amalipidwa pa peyala iliyonse, alibe kalata ya ntchito, ndipo dzina lake silipezeka m'kaundula wa fakitale iliyonse, choncho ngati mtengo wa peyala uli wotsika moti manja ake awiri sangapeze chakudya cha tsikulo, manja a mwana amalowapo, poyamba akaweruka kusukulu, kenako m'malo mwa sukuluyo.

Mchitidwe umenewu walembedwa m'malo ambiri. Ku Agra m'dziko la India, komwe kumapangidwa nsapato zachikopa zambiri za msika wa m'dzikomo ndi wakunja, ofufuza akhala akupeza ana m'timalo ta m'makomo. Ku Cibaduyut, dera la mzinda wa Bandung ku Indonesia, ndi ku Biñan ku Philippines, ILO inakhazikitsa ntchito zochotsa ana m'malo omatira nsapato. Ku Gaziantep m'dziko la Turkey, nkhondo ya ku Syria itayamba mu 2011, ana a anthu othawa kwawo anadzaza m'zipinda zopangira nsapato chifukwa makolo awo ambiri analibe zilolezo zogwirira ntchito. Vutoli limafikanso ku chikopa chenichenicho, pakuti mu 2012 bungwe la Human Rights Watch linapeza ana, ena a zaka 11 zokha, akugwira ntchito pakati pa mankhwala oopsa m'malo ofufutira zikopa ku Hazaribagh mu mzinda wa Dhaka ku Bangladesh, omwe ankatayiranso zonyansa zawo mu mtsinje wa Buriganga mpaka pamene anakakamizidwa kusamukira ku Savar mu 2017.

Malire a kuyendera mafakitale

Njira imene makampani anasankha pothana ndi manyaziwa inali kulemba malamulo awoawo a khalidwe ndi kutumiza oyendera kukaona ngati mafakitale akuwatsatira. Richard Locke, katswiri wa ku America yemwe anaunika malipoti a mafakitale oposa 800 opangira Nike, anasonyeza m'buku lake la mu 2013 kuti kuyendera kokha kunabweretsa kusintha kochepa ndiponso kosakhalitsa. Zifukwa zake n'zosabisika, popeza ulendo wa oyendera nthawi zambiri umadziwika pasadakhale, mafakitale ena amasunga mabuku awiri a maola ndi malipiro, antchito amauzidwiratu zoyankha, ndipo kampani yomweyo imene ikufuna kuti maola asapitirire ndiyo imasinthanso maonekedwe a nsapato mochedwa, kufupikitsa nthawi yoperekera katundu ndi kunenerera mtengo, zomwe mwini fakitale amazibweza pokakamiza ovataimu kapena kugawa ntchito mobisa.

Kumene antchito apezako chilungamo chogwirika, kawirikawiri ndi kumene adzikonzera okha. Mu 2012, bungwe la antchito ku Indonesia litakambirana kwa miyezi yambiri ndi fakitale ya Nikomas ku Serang, yomwe imapangira Nike, fakitaleyo inavomera kulipira pafupifupi madola miliyoni imodzi kwa antchito pafupifupi 4,500 chifukwa cha ovataimu imene sanalipidwe. Mu Epulo 2014 antchito pafupifupi 40,000 a Yue Yuen ku Dongguan m'dziko la China anachita sitalaka atazindikira kuti kampaniyo inkapereka ndalama zoperewera ku thumba lawo la penshoni ndi la nyumba, ndipo inakakamizika kulonjeza kukonza zimenezo. Zonsezi zinachitika m'mafakitale omwe oyendera anali atalowamo kambirimbiri.

Mtsutso wa akatswiri a zachuma

Pali akatswiri, monga Paul Krugman m'nkhani yake ya mu 1997, amene ananena kuti ntchito za malipiro otsika m'mafakitale zimaposa umphawi wa kumudzi, ndiponso kuti South Korea ndi Taiwan zinadzera njira yomweyo polemera. Mfundoyi ili ndi mbali yoona, popeza amayi ambiri a ku Vietnam aphunzitsa abale awo ndi kumanga nyumba ndi malipiro a m'fakitale, komanso kuchotsa ana pantchito popanda kuwapezera kolowera kumawavulaza, monga zinachitikira ku Bangladesh cha mu 1993, pamene mafakitale a zovala anachotsa ana zikwizikwi poopa lamulo limene phungu Tom Harkin anapereka ku nyumba ya malamulo ya America, ena mwa anawo n'kukathera ku ntchito zoopsa kuposa zoyambazo. Komabe kafukufuku wa Ann Harrison ndi Jason Scorse, wofalitsidwa mu 2010, anapeza kuti ku Indonesia kukakamiza makampani kunakweza malipiro m'mafakitale a nsapato ndi zovala popanda kuchepetsa kwenikweni chiwerengero cha ntchito, ngakhale kuti phindu linatsika ndipo timafakitale tina tinatsekedwa. Ku Ethiopia, komwe kampani ya nsapato ya ku China ya Huajian inatsegula fakitale mu 2012 ndipo kulibe lamulo la malipiro otsikitsitsa m'makampani omwe si aboma, Christopher Blattman ndi Stefan Dercon anatsatira anthu olembedwa m'mafakitale angapo, n'kupeza kuti ambiri anasiya ntchito chaka chisanathe, sanapeze ndalama zoposa anzawo a maganyu ndi timalonda, ndipo anadandaula kwambiri za thanzi lawo.

Zimene zathandiza ana ndi njira zokhudza banja lonse. Pangano la Atlanta la mu 1997, pakati pa ILO, UNICEF ndi amalonda a ku Sialkot m'dziko la Pakistan, linasamutsa kusoka mipira kuchoka m'makomo kupita m'malo olembetsedwa ndi kutsegulira ana sukulu, ngakhale kuti amayi ena amene sakanatha kuchoka pakhomo anataya ganyu yawo. Ku Franca m'dziko la Brazil, mzinda wodziwika ndi nsapato zachimuna, eni mafakitale anakhazikitsa Instituto Pró-Criança mu 1995 kuti liziyendera ngakhale timalo tosokera ta m'makomo, pomwe boma la dzikolo linayamba mu 1996 kupereka ndalama kwa mabanja osauka pa mgwirizano wakuti ana asiye ntchito n'kumapita kusukulu. Posachedwapa maiko ogula ayamba kusandutsa malonjezo kukhala malamulo, monga France mu 2017 ndi Germany mu 2023, omwe amakakamiza makampani akuluakulu kufufuza ndi kupewa nkhanza kwa amene amawapangira katundu, ngakhale kuti lamulo lofanana nalo la European Union la mu 2024 lakumana ndi kukankhidwira m'tsogolo ndi kufooketsedwa.

Mbali ya Malawi

Nsapato zimenezi zimafika ku Malawi, zina zatsopano zochokera ku China ndipo zambiri za kaunjika zogulitsidwa m'misika ngati wa Limbe ndi wa Tsoka ku Lilongwe, zitavalidwa kale ku Ulaya kapena ku America, ndipo kachikalata kosokedwa pa lilime lake kamatchula dziko limene zinapangidwa popanda kutchula fakitale kapena khomo limene zinadzera. Koma ubale waukulu wa dziko lino ndi nkhaniyi uli m'munda wa fodya, momwe tenanti ankalipidwa potengera kuchuluka ndi giredi ya fodya wa pakutha pa chaka, zomwe zinkakokera mkazi ndi ana ake m'munda ngakhale kuti wolembedwa anali iye yekha. Malawi inavomereza mapangano onse awiri a ILO mu 1999, ndipo lamulo la ntchito la mu 2000 limaletsa kulemba mwana wosakwana zaka 14, komabe mu Novembala 2019 akuluakulu a kasitomu ku America analamula kuti fodya wa ku Malawi azigwidwa pa madoko awo poganizira kuti amalimidwa ndi ana komanso anthu okakamizidwa, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti mwalamulo. Pa nsapato ndi pa fodya pomwe, wogula wamkulu wakunja ndiye ali ndi mphamvu pa mtengo, wapakati amateteza phindu lake, ndipo chotsala chimagwera banja lolipidwa pa peyala kapena pa kilogalamu. N'chifukwa chake dziko lofuna kukopa mafakitale potsatsa kutsika mtengo kwa anthu ake liyenera kudziwiratu kuti oyendera ochokera kunja amathera pa geti la fakitale yaikulu, ndipo kuseri kwa getilo, mwana amapita kusukulu pokhapokha ngati malipiro a kholo lake akukwanira ufa ndi ndiwo popanda thandizo la manja ake.